Khadi la Apongozi

Ndinakhala pabanja zaka zambiri osaidziwa nkhope ya apongozi anga aamuna. Ndikanena zimenezi kwathu ku Mulanje anthu amaseka, amati ndikuthira mchere nkhani. Koma ku Misuku, kwawo kwa amuna anga, m'mabanja ena umenewu ndiwo unali ulemu. Mkazi wokwatiwa sayang'ana bambo a mwamuna wake, sakhala nawo m'chipinda chimodzi, ngakhale dzina lawo salitchula. Akakumana nawo panjira amalowa patchire, kaya pali minga kaya pali matope.

Ine ndinafika ku Chitipa matipate atangoyamba, nthawi imene mabungwe ankatsegula maofesi paliponse. Ndinalembedwa ukalaliki ku bungwe lina lothandiza alimi, ndipo pa boma pomwepo ndinapezana ndi mphunzitsi wa sekondale amene anandikwatira. Iye ankandiuza kuti mabanja ambiri anausiya mwambowu. "Inu ndi akumwera, palibe angakuimbeni mlandu," ankatero. Koma ndinamva alamu anga akunong'onezana kuti akazi a kumwera sadziwa kugwada, ndipo ine ndi munthu wosafuna kugonja. Ndinaugwira mwambowo kuposa eni ake, mpaka alamu omwewo anayamba kundiloza pophunzitsa ana awo.

Adada, monga tonse tinkawatchulira, anali ndi chizindikiro chawo. Akamachokera kumunda wa khofi, asanatulukire pa nthochi za kuseri kwa nyumba, ankatsokomola. Sichinali chifuwa cha matenda ayi, kanali kachifuwa kouma, kochita kupanga, kothera m'mwamba ngati munthu akufunsa. Ndikangomva ndinkasiya chilichonse n'kuthawira kukhitchini. Tsiku lina ndinathawa nditasenza ndowa, n'kutererera m'ngalande, mudzi wonse unaseka mpaka madzulo. Zimene ndinkazidziwa za iwo zinali msana wa jekete lakuda, chipewa, ndi kachifuwako. Pakhoma panalibe chithunzi chawo. Koma tikamabwerera ku boma, amama, apongozi anga aakazi, ankabwera ndi mkoko wa nthochi kapena botolo la uchi n'kunena kuti, "Adada akuti izi n'za mkamwana," kutanthauza ine, mkazi wa mwana wawo.

Patapita zaka, bungwe lathu linatilowetsa pa inshulansi ya chipatala. Aliyense anapatsidwa khadi lokhala ndi chithunzi chake, ndipo ukalionetsa ku chipatala cholipira unkathandizidwa osatulutsa kanthu m'thumba. Ine, amuna anga ndi ana tinali nawo. Panatsala malo a kholo limodzi. Lamulo lake linali loti mkulu wa inshulansi akabwera kuchokera ku Lilongwe, kamodzi pachaka, mwini khadi ndi kholo lakelo aonekere limodzi pamaso pake, kholo lijambulidwe.

Amuna anga anandipempha mofatsa, tikudya. "Malo atsala aja, bwanji tiikepo adada? Masiku ano sakupeza bwino kwenikweni."

"Akudwala chiyani?"

"Aa, ukalamba."

Sakanatha kundiuza. Anali matenda otseka mkodzo, ndipo mwana wamwamuna wa kumeneko sangatchule zotere za bambo ake kwa mkazi wake. Ine ndinaganiza za chinthu chimodzi chokha: kukhala ndi adada mu ofesi imodzi, anzanga akuntchito akuonerera, alamu n'kudzamva. Ulemu wonse umene ndinaugwera m'ngalande uja upite pachabe? Ndinayankha kuti tiona chaka chamawa. Chaka chamawacho ndinayankha chimodzimodzi, ndipo amuna anga sanabwerezenso.

Kenaka inafika kampeni ina, imene nkhani ya zipatala inavuta kwambiri. Mankhwala ankasowa. Zipani zina zinkati chipatala cha boma chikhale chaulere mpaka kalekale, zina zinkati aliyense azisonkha kangachepe m'thumba limodzi la dziko lonse kuti nayenso wakumudzi akhale ndi inshulansi. Pa wailesi ankakangana, mu minibasi ankakangana, pa msika azimayi a nyemba ankakangana mu zinenero zitatu nthawi imodzi. Ine ndinali wa mbali ya thumba, ndipo ndinali ndi pakamwa.

Ofuna uphungu ataitanidwa ku holo kuti adzayankhe mafunso, ndinakhala kutsogolo. Mmodzi wa iwo atalumbira kuti palibe adzalipire kanthu iye ali moyo, ndinakweza mkono. Ndinayankhula Chichewa chosalala cha pa wailesi, ndikudzimva kukoma. Ndinati chaulerecho ndicho chikutipha. Mpaka apo mwina ndinali ndi mfundo. Koma anthu atawomba m'manja ndinatengeka, ndinapitiriza. Ndinati alimi a khofi amalandira ndalama zawo n'kugula ng'ombe zongonyadira, akadwala akufuna boma liwanyamule. Ndinati munthu wosakonzekera matenda asamadandaule akagonekedwa pansi. Ena anandichemerera, ena anandinyoza, ine ndinatuluka mapewa ali m'mwamba.

Pasanapite nthawi amuna anga anapita kumwera kukachonga mayeso. Ine khutu linayamba kundiwawa, kakhutu chabe, koma munthu wa khadi sadikira kuti matenda akule. Ndinakwera galimoto ya ku ofesi kupita ku chipatala china cha mishoni. Sindichitchula dzina, ndipo sindichiimba mlandu, pakuti anali ndi mabedi ochepa ndipo nawonso mankhwala ankachita kugula. A makhadi tinali ndi khomo lathu kumapeto kwa khonde. Ena onse ankadikira pakhondepo.

Chapakati pa khondelo panagona mkulu wina pa mphasa, miyendo yotupa itatulukira m'njira. Fungo la mkodzo linandipeza ndili patali. Ndinatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje. Mkuluyo atandiona anakokera bulangete kumutu n'kuyesa kutembenukira kukhoma, koma thupi linakana. Nesi amene ankandiperekeza anali wa ku Dedza, tinkadziwana, ndipo tsiku la ku holo analipo. Ndinamugwira pamkono n'kunena mokweza, poganiza kuti nkhalamba ya kumapiri Chichewa sichimva bwino.

"Mwaonatu? Awa ndi amene ndinkanena aja. Mukafufuza mupeza ali ndi khola lodzaza."

Ndinalumpha miyendo ya mkulu uja. Nditangoponda mbali inayo, m'bulangetemo munamveka kutsokomola. Kanali kouma, kofooka, kothera m'mwamba ngati munthu akufunsa.

Ndikukhulupirira kuti adada anali atatsokomola kale ndikuchokera kumayambiriro kwa khonde, monga ankachitira nthawi zonse kuti ndipatuke, koma ine ndinali otanganidwa ndi pakamwa panga. Miyendo yanga inachita zimene inazolowera. Ndinathawa, kudutsa khomo la makhadi, kukagwada kuseri kwa thanki ya madzi. Nesi uja ananditsatira akufunsa ngati ndachita chizungulire.

Amama ndinakawapeza ku shedi kumene odwazika amaphikira, akukoleza moto ndi zitsononkho. Ndinagwada. Anandiyang'ana osadabwa, n'kundipatsa moni m'Chichewa chawo chosakaniza.

"Yewo, mkamwana. Mwiza?"

"Amama, mwafika liti kuno? Bwanji osatiuza?"

Anati anafika sabata yapitayo. Anyamata anawanyamula adada pa machira kutsika phiri mpaka pamsewu. Ku chipatala chaching'ono cha kwawo anawauza kuti chofunika ndi opareshoni, ndipo kuno anawaika kapaipi kuti apumeko, koma opareshoniyo inkadikira malipiro. Khofi anali atapereka kale ku fakitale, ndalama zake zinali zisanatuluke, monga zimachedwera chaka chilichonse. Ng'ombe zimene ndinkanena zija zinapita kalekale, zina mwa izo kwathu ku Mulanje, pondilowola ine.

"Nanga podutsa pa boma, bwanji simunafike kunyumba?"

"Mwana wawo kulije. Angalowe uli m'nyumba muli imwe nokha?"

Amama anapita kukhonde ndi kapu ya phala, ine ndinatsala ndikusonkhezera moto wawo chifukwa ndinasowa chochita ndi manja anga. Atabwerera anakhala pansi n'kunena uthenga, maso ali pa moto.

"Adada akuti phepani chomene. Akuti anakuonani, koma nkhongono zoti apatuke panjira analibe."

Ndikanakonda akananditumizira mawu otukwana. Amama anawonjeza kuti nkhani ya ku holo inafika mpaka ku Misuku, ndipo adada ankauza anzawo kutchalitchi kuti mkamwana wawo anaimitsa aphungu pamaso pa anthu. Amene anawafotokozera anawabisira mbali ya ng'ombe. Mbali imeneyo anaimva okha, kuchokera pakamwa panga, ali m'bulangete.

Tsiku lomwelo ndinathamanga ngati wamisala. Ndinaimbira amuna anga ku malo ochongera mayeso. Ndinaimbira a inshulansi, iwo anandiyankha mwaulemu kuti kholo losalembetsa silingathandizidwe pa khadi langa, ndidikire mkulu wawo akadzabwera. Tinagulitsa makina anga osokera ndi njinga, opareshoni inachitika. Koma adokotala anauza amuna anga kuti mkodzo unakhalitsa, impso zinali zitawonongeka, ndipo chofunika tsopano chinali chithandizo cha ku zipatala zikuluzikulu, chimene khadi likanatha kulipira. Amuna anga sanandinene ngakhale liwu limodzi. Ankangokhala pakhonde la nyumba yathu akusenda chimanga chimene sichinkafunika kusendedwa tsiku limenelo.

Mkulu wa inshulansi atabwera, tinawatengera adada ku ofesi pa galimoto ya bungwe, ine ndinatsogola wapansi. Alamu anga, omwe aja ankati sindidziwa kugwada, anamanga chingwe kuchokera pa zenera kufika pa msomali wa kalendala n'kuyanikapo chitenje. Ine ndinakhala mbali imodzi nditayang'ana kukhoma, adada anawakhazika pa mpando mbali inayo. Basi. Chinthu chimene ndinachikana zaka zonse zija chinatheka ndi chingwe choyanikira zovala ndi chitenje chimodzi, ndipo palibe anaphwanya mwambo.

Mkuluyo anali mnyamata wa tayi, poyamba anafuna kuseka, kenaka anaona kuti palibe akuseka. Ndinkamumva kuseri kwa chitenje.

"Agogo, tayang'anani kuno. Dzutsani mutu pang'ono. Agogo, kuno, kuli kamera kuno."

Anabwereza kangapo, mpaka anangojambula. Atatha anatiuza kuti khadi lituluka, koma pa matenda amene munthu walowa nawo kale pamayenera kudutsa miyezi ingapo lisanayambe kugwira ntchito. Ndinamva adada akuti "yewo, yewo," kumuthokoza. Powatulutsa anatsokomola pakhomo kuti ndidziwe kuti apita.

Anamwalira mvula yoyamba itagwa, kwawo ku Misuku. Pamaliro ndinakhala kutali ndi bokosi, pamodzi ndi akazi anzanga okwatiwa pamudzipo, monga mwa mwambo. Mavoti anali atadutsa kale. Amene ankalonjeza chaulere ndi amene ankalonjeza thumba onse anakhala chete, ndipo kampeni iliyonse kuchokera pamenepo nkhaniyi imadzukanso pa wailesi. Maganizo anga pa thumba lija sanasinthe kwenikweni, ndimaonabe kuti likanakhalapo adada sakanadikira khofi kapena chifundo cha mkamwana. Koma anthu akandikumbutsa kuti ndinali katswiri pa nkhani imeneyi n'kundipempha kuti ndiyankhulepo, ndimati khutu likundivuta.

Emvulopu inafika ku ofesi tsiku la Lachiwiri wamba, pamodzi ndi makalata a feteleza. Ndinaitsegula ndili chiimire, osaganiza kanthu, khadi la adada n'kugwera pa tebulo chagada. Anali munthu wa nkhope yaitali, wa imvi zochepa, makutu otambalala ngati a mwana wanga woyamba, amene ndinkamuseka kuti makutuwo anawatola kuti. Sanayang'ane kamera. Anapendeketsa mutu, maso ali pansi, kuthawa mbali imene kunali chitenje.

Ndinawayang'ana nthawi yaitali ndithu, ndikulira. Kenaka ndinazindikira chimene ndikuchita, ndipo ndinalitembenuza khadilo. Lili m'chikwama changa mpaka lero, kuseri kwa langa, ndipo sindinalitembenuzenso.