Chikhoti cha atate ndi galu wa mphere

Atate atamwalira, abale anagawana zovala zawo monga mwa mwambo, malaya a ku tchalitchi, nsapato, mpaka lamba amene. Chinatsala ndi chikhoti chakale chimene ankavala m'nyengo yachisanu popita kukakumba mtedza. Palibe amene anachifuna. Chinali chong'ambika m'zigongono, chonunkha utsi ndi thukuta. Galu wawo ndiye anachikokera kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba kugonapo.

Galu ameneyu anali mthunzi wa atate. Akamanga ngolo kuchoka kwathu ku Zingalume kupita ku boma, iye ali pansi pa ngoloyo tang'atang'a, lilime panja, mpaka kukafika. Ine ndinkachita naye nsanje, kunena zoona, chifukwa atate ankacheza naye kuposa ife ana awo.

Patapita miyezi ingapo galuyo anayamba kudzikanda. Osati kudzikanda kwa nthata ayi, koma kodzikwekwesa pakhoma mpaka magazi. Ubweya unayamba kuthothoka m'mphepete mwa makutu, kenako m'zigongono ndi pamimba. Khungu linakhuthala, lachita nkhanambo ngati khungwa la mtengo, fungo lake losaneneka. Amalume, akatswiri a chilichonse aja, anam'paka oilo wakuda wa kuchigayo. Galu anangosanduka chikuni chopserera, kudzikanda kuli pomwepo. Anthu a pamudzi anayamba kunong'ona kuti ndi chiwewe, aphedwe asanalume mwana. Chiwewe chanji chothothola ubweya? Koma mantha alibe makutu, ndipo anatipatsa sabata imodzi yokha.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Chadiza kukaitana alangizi a ziweto. Atabwera anam'kanda galuyo kunsonga kwa khutu, mwendo wake wakumbuyo n'kuyamba kupalasa wokha.

"Ndi mphere iyi," anatero. "Tizilombo take timakhala m'khungu, sitioneka ndi maso. Oiloyu mum'sambitse achoke, angamuphe."

Anam'baya jekeseni, n'kutiuza kuti adzabwereza pakapita masabata awiri. Kenako anaona mikono ya amayi. Inali ndi tizilonda tofiira kuyambira m'manja mpaka m'zigongono.

"Amayi, mumam'nyamula galuyu?"

"Ine kunyamula galu?" anatero amayi.

"Nanga chimene amagonapo mumachigwira?"

Amayi anayang'ana pansi. Apa m'pamene ndinazindikira chifukwa chake madzulo aliwonse ankachedwa kuseri kwa nkhokwe, amvekere ndikukaona nkhuku. Ankakhala pamenepo ndi chikhoticho pamiyendo. Ndinachita manyazi, chifukwa ine mwana wawo ndinkaganiza kuti anasiya kale kulira.

Alangizi ananena mosapita m'mbali kuti chikhoticho chitenthedwe, kapena chiwiritsidwe m'madzi ogaduka, apo ayi mphere idzabwerera ndipo jekeseni idzapita pachabe. Amayi anangoti, "Ndamva." Tsiku limenelo sanachite kanthu, mawa lakenso chimodzimodzi. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinawakalipira amayi kuti asankhe, galu kapena sanza. Mawu amenewo ndimanong'oneza nawo bondo mpaka lero.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinawapeza atateleka mgolo umene tinkaphikira thobwa. Chikhoti anachiponyamo okha, n'kumachivundula ndi mtengo, madzi akuda bii. Anachichapa ndi sopo kawiri, n'kuchiyanika padzuwa masiku awiri. Chinayera bwino, sindinachionepo choyera chotero atate ali moyo.

Galu anachira pang'onopang'ono. Kudzikanda kunachepa, nkhanambo zinagwa, timaubweya tinayamba kumera ngati msipu wa mvula yoyamba. Mikono ya amayi nayo inapola. Aja ankafuna kumupha anayamba kunena kuti ankadziwa kale kuti si chiwewe.

Galu atabayidwa jekeseni yachiwiri, amayi anapinda chikhoticho bwinobwino n'kukachiyala kuseri kwa nkhokwe, pamalo pake pomwe paja. Galu anabwera, anachinunkhiza kukolala, m'matumba, m'manja monse. Anachitembenuza ndi mphuno n'kuchinunkhizanso. Kenako anachisiya, n'kukagona pa dothi chapatali.

Amayi anachitola, nawonso n'kuchiika kumphuno.

"Sopo yekhayekha," anatero. "Atate ako tsopano ndiye apitadi."