Ufa m'tsitsi la bambo

Ndikukumbukira chaka chimene chigayo cha kwathu, kufupi ndi Balaka, chinagulitsidwa. Ndinali mu Sitandade 3, ndipo bambo anga ndi amene ankayendetsa injini yake. Madzulo aliwonse ankafika pakhomo atayera mbuu, ufa m'tsitsi, m'nsidze, mpaka m'makutu. Mwini watsopano atabwera ndi anthu ake, bambo anauzidwa kuti asabwerenso. Kunyumba sananene.

Bambo anali mkamwini. Nyumba inali pamudzi pa amayi, munda unali wa amayi, ndipo amalume anga, a Jafali, anali atapitikitsa kale mwamuna wa mayi aang'ono pa mlandu wongokhala. Bambo ankadziwa kuti zikangomveka, naonso awauza kuti anyamule mphasa yawo. Choncho m'mawa ankanyamuka monga mwa masiku onse, n'kubwera dzuwa litapendeka, atayera ndithu.

Ndinawapeza tsiku lina ndikuchokera ku madrasa. Anali kuseri kwa chulu, kapepala ka ufa m'manja, akudziwaza kumutu mosamala ngati akuthira mchere mu ndiwo. Atandiona anangoti, "Hawa, sunaone kanthu." Ndinavomera, koma chinsinsicho chinandilemera zedi. A Jafali akangokhosomola panja, ndinkangoti lero bambo apita.

Loweruka m'mawa ku mishoni kunkakhala kanema. Wansembe wina wa ku Italy ankatseka mawindo a holo ndi mabulangete n'kuonetsa mafilimu akale a kwawo, ndipo sankafunsa kuti wa mpingo ndani, Msilamu ndani. Loweruka lina amayi anauza bambo kuti akandisiye kumeneko popita kuntchito. Poti analibe kolowera, bambo analowa nane, n'kukhala pabenchi yakumbuyo.

Filimuyo inalibe mitundu, komanso panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene ankamva chilankhulo chake. Koma nkhani tinaigwira. Kalaliki wina wandevu zapamlomo anachotsedwa ntchito, koma m'mawa uliwonse ankavala jekete, kupsompsona mkazi wake, n'kukakhala pabenchi tsiku lonse akuthamangitsa nkhunda. Pobwerera ankaima pakona n'kupaka inki ku zala. Holo yonse inafa ndi phwete. Ine sindinaseke, ndinkaopa ngakhale kucheuka.

Kenaka anaonetsa mkazi uja ali yekha m'nyumba. Anapisa m'thumba la jekete, napeza kabotolo ka inki katatha, ndiye anakadzazanso bwinobwino n'kukabwezera. Pamenepo ndinamva benchi ikugwedezeka. Bambo ankaseka, kuseka kwenikweni, atagwira nthiti, misozi ili chuchuchu. Ndinali ndisanawaonepo akuseka choncho.

Tsiku limenelo pachulu sitinaime. Tinafika pakhomo dzuwa likadalipo, bambo mutu uli bii. Amayi ankasankha nyemba pakhonde. Bambo anakhala pansi n'kufotokoza zonse, maso ali pansi, ndipo amayi anawalola kuti amalize.

"Ufa wa kuchigayo umanunkha dizilo, bambo a Hawa," anatero osasiya kusankha. "Wanuwu umanunkha mphale yanga. Mumayesa ndowa ikamatsika ine sindiona?"

Bambo anafunsa kuti nanga alamu awo akamva zitha bwanji. Amayi anati a Jafali anamva kalekale kumsika, anabweranso kudzalankhula, koma iwo anawayankha kuti amene anakwatiwa ndi mwamunayo ndi iwowo, osati mudzi. Zoti akhala akudikira kuti bambo anene okha anazinena ngati nkhani ya nyengo. Sabata yotsatira bambo anayamba kukonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo anakhala pamudzipo mpaka imfa yawo.

Lero ndili ku Doha, m'dziko la Qatar, ndimakonza zipinda mu hotela ina ku Msheireb. M'nyengo yozizira yapitayi, nditaweruka shifiti, ndinapeza aika chinsalu chachikulu pabwalo lina panjira yopita kokwerera sitima ya metro, akuonetsa mafilimu akale. Ndinangoona ndevu zija ndi jekete lija, n'kuima pomwepo. Mnzanga wa ku Uganda ankandikoka kuti "yala, tiye, sitima itisiya", ine ndinamuuza kuti atsogole.

Pamipando panali azungu ndi Aarabu ovala bwino, ena mwina akukumbukira makolo awo. Ife a mayunifomu tinaimirira kumbuyo, alonda a ku Nepal, atsikana a ku Philippines, ndi ine. Pamene kalaliki ankapaka inki, ife akumbuyo ndi amene tinaseka kwambiri. Pamene mkazi ankadzaza kabotolo, mlonda wina pafupi nane anaseka mpaka kupukuta maso ndi chipewa, ngati bambo.

Ndi pomwe ndinamvetsa chimene anthu amaikondera filimu imeneyi. Nthabwala zake n'zachikale, ndipo zina sizikomanso. Koma kuno pafupifupi aliyense ali ndi inki yake. Wina amajambulitsa atatsamira galimoto ya bwana, wina amavula yunifomu n'kupita pamalo owala asanaimbe foni kumudzi. Filimuyo imatiseka, inde, koma siitinyoza, ndipo imatiuza chimene timalakalaka kumva, choti kunyumba akudziwa kale ndipo sanatitaye.

Ine za ufa ndinazisiya pachulu paja. Lachisanu ndikamaimbira amayi, ndimakhala pabedi langa lam'mwamba m'chipinda chathu ku dera la Old Airport, zovala za anzanga zili lendelende kumbuyo. Nditawauza kuti ndaonanso filimu ija, anaseka mpaka kutsamwa. Kenaka anati ndisendeze manja pafupi ndi kamera. Anayang'ana ming'alu ya sopo ndi jiki ija kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Awa ndi manja ako enieni. Bambo ako akanakhala ndi mtima umenewu, ufa wanga sukanathera m'tsitsi."