Lole ya Magetsi pa Maliro a Abambo

Mawaya a magetsi anafika m'mudzi mwathu ku Maganga tsiku lomwe tinaika abambo m'manda.

Ndinadzuka kusanache. Amayi a mvano anali atangosiya kuimba, moto ukufuka kuseri kwa nyumba, mpunga uli m'malichero. Dzuwa likutuluka anthu anayamba kufika: asodzi ochokera kunyanja, aphunzitsi a ku boma, njinga mbwee pansi pa mango. Kunatentha msanga.

Abambo anaphunzitsa Sitandade 1 mpaka kupuma ntchito. Mfundo yawo inali imodzi: munthu ayambe wamva m'chinenero chake, Chingerezi chibwere pambuyo. Mapolo a magetsi ataimikidwa m'mudzi, mafomu olembetsera anabwera m'Chingerezi chokhachokha. Abambo anawamasulira m'kope, n'kumaphunzitsira kopelo amayi a sukulu ya kwacha. Koma mapolowo anakhala opanda waya mpaka akhwangwala anawazolowera.

Cha m'ma naini, lole inaima pa masamba amene tinayala pamsewu posonyeza maliro. Kapitawo anatsika, chipewa chili m'manja. Anati abwera kudzakoka waya ndi kusainitsa mafomu, koma aona kuti pagwa zovuta. Akabwerera, mudzi wathu upita kumapeto kwa mndandanda, ndipo tsiku lobweranso sakulidziwa.

Kwathu pamaliro sipagwirika ntchito, ndipo abambo aakulu, akulu awo a malemu, ananena zimenezo mosabisa. Nkhani inafika m'nyumba ya siwa. Amayi anga anasiya bokosi n'kutuluka panja.

"Alamu," anatero, "ang'ono anu anatha nsapato kulondola magetsi amenewa. Akafike uko n'kumva kuti tabweza lole?"

Ena anaseka n'kudzigwira pakamwa. Abambo aakulu anawerama, natambasula dzanja kuloza mapolo.

"Kwerani, ana anga," amayi anauza ogwira ntchitowo. "Koma bokosi likamadutsa mutsike."

Kapitawo anadandaula za mafomu: awerengere ndani anthu onsewa? Mayi wina wogulitsa usipa, wophunzira wa abambo kusukulu ya kwacha, anapukuta manja pachitenje, natenga kope la abambo, n'kuyamba kuwerenga mokweza, ndime ndi ndime. Mzere wosaina unatalika kuposa wa chakudya. Asodzi ankafunsa za mita ndi za chingwe chokwirira pansi choteteza ku shoko mpaka kapitawo anatuluka thukuta. Ndakhalapo pamisonkhano yambiri ya zamagetsi mu Lilongwe, ya m'Chingerezi, koma mafunso otere sindinawamveko. Waya amabwera pa lole, koma munthu amafunsa pokhapokha wamva.

Masana tinanyamuka ulendo wa kumanda. Ogwira ntchito anatsika pamapolo n'kuvula zipewa, awiri nalowa m'gulu kusenza nawo bokosi. Nyimbo inakwera moti sindinadziwe ngati tikulira kapena tikukondwa.

Madzulo panyumba panali zii. Amayi anakhala pakhonde, maso ali pawaya watsopano wopita kusukulu. Kope lija silinabwerere; alibwereka a mudzi woyandikana nafe. Kapitawo wati ayatsa Lachisanu, ndipo amayi apempha kuti babu loyamba liyake m'kalasi ya Sitandade 1.