Kamwala ka Njoka

Dzulo, ndikulongedza mabandeji ndi mankhwala a jivi opaka pabala m'chikwama cha ulendo wa kunkhalango ya Perekezi, ndinapeza kamwala kakuda m'kabokosi ka machesi.

Kamwalako kanali ka amayi. Ankakamanga pansonga ya chitenje tikamapita kukazula bowa kuthengo la ku Engutwini. Ankati kamayamwa ululu wa njoka, ndipo kakakhuta kamagwa kokha.

Tsiku lomwe njoka inaluma mkulu wanga pachidendene, amayi anatema pabalapo ndi lezala n'kuikapo kamwalako. Kanamamatira.

"Khala naye pompano, mwanangu. Kakagwa, mbwenu wachira," anatero amayi, n'kuthamangira kumudzi kukafuna njinga.

Ndinakhala pa masamba onyowa, mwendo wake uli pamiyendo panga, maso anga ali pa kamwalako basi. Bowa m'dengu ankanunkha dothi la mvula. Mkulu wangayo anapempha madzi kangapo, kenaka anasiya.

Mwadzidzidzi kamwala kanagwa. Ndinakatola n'kulumpha ndi chimwemwe.

"Asisi, dzukani! Kagwa! Mwachira!"

Nyerere inkayenda pa diso lake lotsegula, koma sanaphethire.