Tsiku limene Nabanda anandipatsa nsalu yawo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera kutchalitchi. Mayi wina wa mvano anamva kuti famase, sitolo ya mankhwala ya m'dera la Zengeza 2, ikufuna munthu woti azithandiza pakauntala, ndipo anandikokera kumeneko ngati mbuzi. Ndinkaopa chilichonse. Ndinkawerenga mapiritsi pakathireyi ndi kampeni kosathwa, asanu asanu, kenako kumata pepala la malangizo pabotolo.

Bwana wanga anali Mai Moyo, Mshona wosaseka chisawawa. Iwo ndi amene anandiphunzitsa za mankhwala a matenda ovutika maganizo. Ankati minyewa ya muubongo imatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito timadzi tina monga serotonini, ndipo mankhwalawa amachititsa kuti timadzito tisayamwidwenso msanga. Koma sagwira tsiku lomwelo, pamadutsa masabata angapo. Anandichenjeza kuti kwa ena mphamvu za thupi zimabwerera mtima usanayambe kupepuka, ndipo nthawi imeneyo ndi yoopsa. N'chifukwa chake lamulo lawo linali lakuti wina wa kunyumba kwa wodwala azidziwa.

Tsiku lina kunabwera Nabanda a m'dera la Unit C, mayi wachikulire wa kutchalitchi kwathu, amene amuna awo anali atangomwalira. Anali ndi kalata ya dokotala ya mankhwala omwewa. Atandiona anasiya Chishona, chinenero cha kuno, n'kuyamba chakwathu motsitsa mawu.

"Mwanangu, ndiwe wakwathu iwe. Grace asamve zimenezi. Anthu angati ndapenga."

Grace anali mwana wawo. Kwathu mkulu akakupempha chinthu sumutsutsa pamaso, ndiye ndinangogwedeza mutu. Mai Moyo atandifunsa ngati kunyumba akudziwa, ndinati inde. Ndinanama, ndipo ndinkadziona ngati mwana waulemu.

Patapita masiku ngati khumi, Nabanda anabweranso m'mawa, atatchena, akuyenda mwamphamvu. Anandipatsa nsalu yawo ya mvano itapindidwa bwino.

"Tenga, ine sindidzaifunanso. Mapoto ndapatsa kale aneba."

Ine kupusa kwanga ndinasangalala. Atachoka ndinakaonetsa Mai Moyo nsaluyo, n'kunena kuti mankhwala agwira msanga. Nkhope yawo inasintha.

"Akugawa zinthu zake? Mwana wake akuti bwanji?"

Ndinaulula bodza langa pomwepo. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa.

"Mhanya, thamanga! Ukamufunse molunjika ngati akufuna kudzipha. Usamusiye yekha. Ine ndikuimbira kuchipatala."

Ndinakwera kombi, minibasi ya kuno. Aliyense wotsika panjira ndinkafuna kumukankha. Ndinaimbira Grace kuntchito kwake, ndipo ndinamuuza zonse zimene mayi ake anandiletsa.

Nabanda ndinawapeza atakhala pabedi, nyumba atasesa, makatani atatseka masanasana. Ndinagwada monga mwa mwambo, koma funso limene ndinafunsa mwana safunsa mkulu.

"Amayi, kodi mukufuna kudzipha?"

Anayamba kulira. Ndinawagwira dzanja osalisiya mpaka Grace anafika, ndipo tinapita nawo kuchipatala tonse awiri. Panjira Nabanda anandiuza kuti ndawavula pagulu, ndine mwana wopanda mwambo.

Dokotala anawagoneka masiku angapo, anapitiriza mankhwala, ndipo pang'onopang'ono Nabanda anayamba kudya ndi kucheza. Ine ndinakhala pafamasepo zaka zambiri, koma sindinalonjezenso munthu aliyense kuti ndibisa zoterezi, kaya akhale wamkulu bwanji. Ndinaphunzira kunena mwaulemu kuti ayi, tiuze wina wa kunyumba.

Nabanda anatha chaka chathunthu osandiyankha moni. Lamlungu lililonse ankandidutsa pakhomo la tchalitchi atayang'ana kumbali, ndipo zinkandipweteka ndithu. Koma ndinkaima pomwepo dala, kuti ndiwaone akudutsa.