Gitala Yosakandika ya Alamu Anga

Alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga, ndi ometa tsitsi. Akhala zaka zoposa makumi atatu m'kachipinda kamodzi komweko, pakati pa sitolo ya utoto ndi wosoka nsapato: mipando iwiri, galasi lalitali, benchi yodikirira ndi tsache kuseri kwa chitseko. Ndi munthu wodekha mpaka kutopetsa. Akamaliza kukumeta amapukuta makina ndi kaburashi n'kuwabwezera m'katoni yomwe anagulira, yomwe idakali ndi kapepala ka mtengo. Pa chilichonse chomwe akugula, funso lawo loyamba limakhala lakuti, "Nanga ndikadzafuna kugulitsa?" Mlongo wanga amati ngakhale pomufunsira ankamuyang'ana ndi diso lomwelo.

Ine ndimawotcherera zitsulo, ndipo Loweruka ndimayimba gitala m'maukwati. Koma ndinene zoona ngakhale zikundiwawa: pa gitala alamu amandiposa kutali. Ine ndimangokhwekhwereza kuti anthu avine. Iwo akagwira nsambo, munthu umasiya zomwe umachita.

Magitala athu amagetsi tinagula tsiku limodzi, mwana wawo wamkazi ali wakhanda. M'sitolomo anali atakolowekedwa moyandikana, ofiira onse, a kampani imodzi, ofanana ngati mapasa. Wogulitsa anatifotokozera kuti imodzi inapangidwa kufakitale yaikulu, n'chifukwa chake dzina lili la golide kumutu ndipo mtengo ndi wowirikiza. Inayo inachokera kufakitale ina ya kampani yomweyo, yopepukako, khosi lake lopyapyala.

Ndinayesa zonse ziwiri pa sipika imodzi, ndipo makutu anga sanamve kusiyana kulikonse.

"Alamu, tsinzinani," ndinatero. "Ndiyimba, inu mundiuze kuti ya golide ndi iti."

"Ine ndikhoza kutsinzina," iwo anayankha, "koma wodzagula kwa ine sadzatsinzina."

Ndinatenga yotchipa, iwo anatenga ya golide. Tikubwerera anandiuza chinthu chomwe sindinachisamale nthawi imeneyo. Anati gitalayo ndi ya mwana. Akadzakula, ngati adzakonde kuyimba adzayimba, ngati ayi adzagulitsa pamtengo wabwino. Chachikulu n'chakuti adzailandire kuchokera m'manja mwa bambo ake ili yatsopano.

Kuyambira pamenepo gitala ya alamu inakhala pamwamba pa wadirobu, m'bokosi lake, lisiti ili m'kati. Inkatsika Lamlungu masana okha. Ankayamba asamba m'manja, kenako n'kuvula wotchi, mphete ndi lamba, chifukwa chitsulo cha lamba chimakanda gitala kumsana, ndipo gitala yokandika kumsana imagwa mtengo. Kapulasitiki kakufakitale komwe kamaphimba kutsogolo sanakachotse. Ankayimba theka la ola, chapansipansi, mawindo otseka kuopa fumbi, n'kupukuta nsambo imodziimodzi. Ine ndinkawaseka kuti akulera gitala ngati mlendo wochokera kutali. Iwo ankangomwetulira n'kuti, "Tidzaonana pogulitsa."

Yanga inaona zakuda. Inagwa pagalimoto tikupita kuukwati, inathiridwa zakumwa ndi mkwati wosangalala, ndipo nthethe za moto wowotcherera zinaiboola timabowo pathupi, poti ndinkaikoloweka pamsomali kumalo kwanga kogwirira ntchito. Kachitsulo kokwezera mawu katathyoka ndinaikapo ka wailesi yakale. Koma ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo inkazidziwa.

Mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi ake anamupeza atakwera pampando akufikira bokosi lija. Bambo ake sanamukalipire, alamu sadziwa kukalipa. Anangomutsitsa bwinobwino n'kumuuza kuti, "Ndi yako, koma ukule kaye." Mawa lake poweruka kusukulu anatulukira kwa ine, chikwama chili kumsana, maso ali pamsomali.

"Amalume, yanu imaloledwa kugwira?"

"Gwira, amayi. Ukaigwetsa si iwe woyamba."

Basi, zinayambira pomwepo. Masana aliwonse ankakhala pa chigubu chopanda kanthu pakona, ine ndikudula zitsulo, iye akulimbana ndi nsambo mpaka zala kuchita matuza. Patapita zaka zitatu ndinalibenso chomuphunzitsa, magazi a bambo ake anali atayamba kulankhula. Alamu ankadziwa zonse ndipo ankanyadira. Ndikapita kukameta ankandifunsa kudzera pagalasi kuti wafika pati, n'kuwonjezera kuti, "Aphunzirire pa yanuyo. Yeniyeni ikumudikira."

Chaka chatha, ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, gulu lina loyimba m'mahotela kumzinda wakutali linamutenga. Kutatsala sabata kuti anyamuke, alamu anatiitana tonse Lamlungu masana. Anavala malaya oyera ngati akupita kukajambulitsa. Anatsitsa bokosi, kulipukuta, n'kuliika pamiyendo pa mwanayo.

"Wakula tsopano," anatero. Mlongo wanga anayang'ana kudenga.

Mwanayo anathokoza mwaulemu, n'kulumikiza gitala ku sipika. Anayamba nyimbo yomwe amayimba ngakhale ali m'tulo, koma chala chinaphonya. Anayambiranso, chinaphonyanso pomwepo. Anasuntha lamba wa gitala paphewa, anaiweramira, anaikweza, koma ndinkaona kuti dzanja lake likufunafuna khosi lopyapyala lomwe linazolowera. Ndiponso ankaigwira mwamantha, zigongono zili kutali, monga momwe munthu amanyamulira khanda la eni ake.

Anamaliza nyimboyo movutikira. Mwana ameneyu sadziwa kunama, anatengera amayi ake.

"Ababa, ndi yokongola kwambiri. Koma dzanja langa silikuidziwa. Khosi landikulira, komanso ndikuopa kuikanda. Uko ndikayimba usiku uliwonse anthu akundiyang'ana, ndiye ndimati ndipemphe ya amalume."

Alamu anagwedeza mutu kangapo. "Palibe vuto," anatero, n'kuyamba kupukuta nsambo. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Zaka zonsezi ndinkaona ngati ndikuthandiza, osadziwa kuti ndikuwalanda alamu manja a mwana wawo. Ndinapsanso nawo mtima, chifukwa munthu wanzeru ngati iwo akanadziwa kuti mwana sadikira.

Lachitatu m'mawa anandipeza kuntchito, bokosi lili m'manja. Anati ndiwaperekeze kwa wogula zida zoyimbira zakale, ndipo nditengenso yanga. Wogulayo, bambo wa magalasi ochindikala, anaizunguliza ya golide pansi pa getsi, anayang'ana kumsana, anaona kapulasitiki ndi lisiti, n'kuimba mluzu. Anati mtundu umenewo anasiya kupanga, ndipo yosakandika chonchi sanaionepo. Mtengo womwe anatchula unaposa womwe alamu anagulira. Atatenga yanga anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Achimwene, iyi inali kunkhondo? Ndikagula, ndiye kuti ndagula nsambo zokha."

Ndinadikira kuti alamu andikumbutse mawu awo aja, poti anali atawina poyera. Koma anangovomera mtengowo. Analandira envelopu ya ndalama, n'kuiika m'thumba la malaya, ndipo bokosi lawo sanalicheukire potuluka.

Tinayenda mpaka pamthunzi wa khonde la sitolo ina, pomwe anaima n'kutsokomola.

"Alamu, gitala yanuyo mukumupatsa mwana uja?"

"Inde, Loweruka. Ndikufuna ndisinthe kaye nsambo."

"Mundigulitse ine."

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. "Mwamva nokha kuti ndi nkhuni. Ngati mukuifuna tengani, ndi ya mwana wathu tonse."

"Ayi. Mukandipatsa ulere, ikhalabe yanu." Anayang'ana pansi. "Ndakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikudikira kumupatsa gitala mwana wanga. Tchulani mtengo."

Apa m'pamene ndinamvetsa. Ndikanatchula kamtengo kachibwana akanaona kuti ndikuwamvera chisoni. Choncho ndinatchula mtengo womwe ndinagulira ili yatsopano, osachotsapo kalikonse. Alamu, amene amanenerera ngakhale mtengo wa singano, sananenerere. Anatsegula envelopu, anandipatsa ndalamazo, n'kutambasula manja onse awiri.

Ndinaichotsa paphewa panga. Sindinaganize kuti zindipweteka, koma zinandipweteka, chifukwa Loweruka langa lonse linali mmenemo. Inalibe bokosi, choncho anainyamula poyera, timabowo ndi zipsera zonse zikuoneka, n'kudutsa nayo pamsika, pamalo okwerera basi ndi pakhomo pa kachipinda kawo kometera, pomwe anthu atatu ankawadikira pabenchi. Anawakwezera dzanja kuti adikirebe.

Titafika pageti la nyumba yawo anandiuza kuti tilowe. Ndinakana, ndinati ndasiya chitsulo pamoto. Anandiyang'ana, ndipo ndikuganiza kuti anadziwa kuti ndikunama. Analowa okha n'kutseka chitseko.

Ndinaima kuseri kwa mpanda kwa kanthawi. Ndinamva mwanayo akufunsa ngati amalume abwera, kenako mawu a alamu, otsika ngati masiku onse: "Sanabwere. Iyi ndakugulira ine."