Tsiku limene atate anagwetsedwa m'fumbi

Linali Loweruka, 3 koloko masana, pabwalo la sukulu ku Jumbe, tikukondwerera ufulu. Ndakumbukira lero podzoza mwana wanga mafuta a nsatsi, chifukwa ndi omwe atate anadzola thupi lonse tsikulo.

Atate ndi a Zulu, sikauti mnzawo wolondera nyama zakutchire, anaonera resiling'i, masewera ogwetsana aja, pakanema ku Chipata, ndipo anapangana zosangalatsa nayo anthu. Ine sanandiuze kuti ndi sewero chabe. Ndinangoona a Zulu atawanyamula ngati thumba n'kuwagwetsa m'fumbi. Atate anatseka maso, osagwedezeka. Anthu n'kumaomba m'manja!

Ine amene ndinkabisala mlendo akafika, ndinadumpha chingwe chotchingira bwalo n'kukagona pachifuwa pawo.

"A Zulu, musawaphe! Tengani nkhuku yanga!"

Atate anatsegula diso limodzi. "Iwe Tisa, choka. Ndikufuna kudzuka ndiwine."

"Ayi, gonani pomwepo, akumenyaninso."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. A Zulu anagwada, nati, "Chabwino mayi, mwandigonjetsa ndinu."

M'mawa mwake ndinawapeza awiriwo akumwa tiyi pakhonde, akuseka. Sindinawakhulupirire. Ndinakadzipanikiza pakati pawo, ndipo sindinachokepo mpaka a Zulu atapita kwawo.